Magazi a ng'ombe yanga alibe kachilombo koma ikudwalabe: ndikayezetse CRP?

Funso

Adokotala, ndimakhala kufupi ndi nyanja ya Malombe kuno ku Mangochi. Ndili ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, ndipo imodzi ikudwala, ino ndi sabata yachiwiri. Ikudya monyinyirika, siikubzikula bwino, imaima itapinda msana, ndipo pogona kapena podzuka imabuula. Alangizi a ziweto anatenga magazi kukhutu n'kupaka pa kagalasi, ndipo atawaunika anati mulibe tizilombo ta nkhupakupa kapena ta kashembe. Anaibaya jakisoni, inapezako bwino masiku awiri, kenako yabwerera pomwe paja. Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito kuchipatala cha anthu, ndipo akuti kumeneko amayeza CRP, yomwe imaonetsa kutupa kobisika m'thupi. Kodi ndimutumizire magazi a ng'ombeyi? Ngoloyi ndi imene imandidyetsa.

Yankho

Bambo, pepani kwambiri. Ng'ombe ya ngolo ikagona, njerwa, mchenga, chimanga cha kuchigayo ndi fizi ya ana zimagona nayo limodzi, choncho ndikuyankhani mosabisa kanthu.

Mwana wa mlongo wanuyo waganiza bwino. N'zoona kuti magazi amatha kuulula kuti penapake m'thupi pakutukusira ngakhale kunja kusakuoneka chotupa. Povuta m'pakuti CRP, yomwe ndi puloteni ya m'magazi, ndi mboni yabwino kwa munthu ndi kwa galu, pomwe kwa ng'ombe ndi mboni yogona tulo. Ng'ombe itha kukhala ndi mafinya odzaza ndowa m'mimba, CRP yake osasuntha kwenikweni. Komanso zoyezera za kuchipatala cha anthu anazipanga kuti zizigwira puloteni ya munthu, ndipo ya ng'ombe imasiyana nayo kapangidwe. Mukatumiza magaziwo mutha kulandira pepala lonena kuti zonse zili bwino, inu n'kuimanganso m'goli ng'ombe yomwe imafunika kupuma. Musatumize. Ilipo puloteni ina yomwe ng'ombe imalankhula nayo mokweza, dzina lake fibrinogen, ndipo kuiyeza sikulira ndalama zambiri.

Tiyambe ndi magaziwo. Mukawathira m'kachubu ka mankhwala oletsa kuundana n'kuwazunguza pa makina otchedwa centrifuge, amapatukana patatu. Pansi pamakhala maselo ofiira. Pamwamba pake pamayala kamzere koyera, kopyapyala ngati chikhadabo, ka maselo oyera. Pamwamba penipeni pamatsala madzi omwe timawatcha plasma, ndipo a ng'ombe yodya msipu wauwisi amakhala achikasu ndithu. Alangizi anu atapaka magazi pa kagalasi ankafunafuna tizilombo m'maselo ofiira ndi pakati pawo. Anachita bwino, chifukwa kuno kwathu ndi pomwe timayambira. Koma madzi achikasuwo palibe amene anawafunsa kanthu, ndipo m'menemo ndi momwe muli mapuloteni: albumin, ma globulin, ndi fibrinogen yomwe imathandiza magazi kuundana pa bala.

Ambiri mwa mapuloteni amenewa amapangidwa m'chiwindi. Pamene nyama yavulala m'kati kapena tizilombo talowa, maselo oyera omwe afika pamalopo amatumiza uthenga m'magazi. Amithenga ake akuluakulu ndi atatu: interleukin 1, interleukin 6 ndi TNF. Ndi omwewa amene amatenthetsa thupi ndi kuchotsa chilakolako cha chakudya. Uthengawo ukafika kuchiwindi, chimachita zomwe amayi amachita mfuu ya maliro ikamveka m'mudzi: miphika ya masiku onse imatsika pamoto, pamakwera mikhate ya pasiwa. Albumin, yomwe ndi nsima ya tsiku ndi tsiku, imayamba kuchepa. Mapuloteni a nthawi ya mavuto amachuluka, ena kawiri kapena katatu, ena kakhumi, ena mpaka kuposa ka 100. Madokotala amawatcha acute phase proteins. Mawu athu oti kutupa amaperewera pang'ono apa, chifukwa ife tikati kutupa timaganiza chotupa chooneka ndi maso. Chomwe tikunena ndi nkhondo yomwe thupi likumenya, kaya ili m'mapapo, m'chiberekero, m'bere kapena m'mimba.

CRP inali yoyamba kudziwika. Mu 1930, William Tillett ndi Thomas Francis a ku Rockefeller Institute ku New York anaipeza m'magazi a anthu odwala chibayo. Pambuyo pake anthu ataiyesa pa ziweto anaona kuti chiwindi cha nyama iliyonse chili ndi mikhate yakeyake. Galu amakweza CRP mwachangu, pakangotha maola 4 mpaka 6, ndipo imafika pachimake pa tsiku limodzi kapena awiri. Kavalo ndi mphaka amadziwika ndi serum amyloid A. Nkhumba imakweza CRP, haptoglobin ndi ina yakeyake yotchedwa Pig-MAP. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimakweza kwambiri haptoglobin ndi serum amyloid A, fibrinogen n'kumatsatira pambuyo.

Haptoglobin ndi yosangalatsa kwa ife oyeza, chifukwa m'magazi a ng'ombe yathanzi imakhala ngati mulibe. Ikangopezeka yambiri, palibe kukangana, ng'ombeyo ili ndi vuto. Ntchito yake ndi kutola hemoglobin yomwe yatayika m'maselo ofiira osweka, kuti mabakiteriya asapezepo ayironi wodyera. Serum amyloid A imakwera msanga kuposa haptoglobin ndipo imatsikanso msanga. Mtundu wina wa iyo umapangidwa m'bere lenilenilo n'kutuluka mumkaka, ndipo ofufuza amaugwiritsa ntchito pozindikira matenda a bere asanaoneke. Koma ziwiri zonsezi zimafuna mankhwala oyezera ochokera kunja, odula, osungidwa m'firiji, ndipo nthawi zambiri zimayezedwa m'malabotale a kafukufuku. Sindikutumizani kumeneko chifukwa cha ng'ombe imodzi.

Fibrinogen ndi nkhani ina. Ndikufotokozerani mmene imayezedwera kuti mukamalankhula ndi a zaziweto mudziwe chomwe mukupempha. Magazi amatengedwa pa mtsempha wa pakhosi n'kuthiridwa m'chubu cha chivindikiro chofiirira ngati maluwa a jakaranda, chomwe chili ndi mankhwala a EDTA. Chubu cha chivindikiro chofiira sichithandiza apa, chifukwa mmenemo magazi amaundana ndipo fibrinogen yonse imathera m'chibuluma cha magaziwo. Woyeza amadzaza timachubu tiwiri tagalasi, tating'ono ngati udzu wa tsache, amatseka kumapeto ndi phula, n'kutizunguza mphindi 5. Kamodzi amakathyola pamwamba pa kamzere koyera kaja n'kudonthezera plasma pa refractometer, kachipangizo kogwira m'manja komwe umasuzumiramo utalozetsa kuwala. Mkatimo mumaoneka mzere wolekanitsa mdima ndi kuwala, ndipo pomwe wadutsa ndi pomwe pali nambala ya mapuloteni onse. Kachubu kachiwiri amakaviika m'madzi otentha madigiri 56 mpaka 58 kwa mphindi 3. Pa kutentha kumeneku fibrinogen yokha ndiyo imaundana, mapuloteni enawo amatsala. Mumaona ndi maso plasma ikuchita mitambo. Akazunguzanso, mitamboyo imakhazikika pansi, ndipo akayeza madzi otsalawo nambala imakhala yatsika. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye fibrinogen.

Fulasiki ya tiyi ndi choyezera kutentha chodalirika zimakwanira kusunga madziwo pa madigiri oyenera. Chofunika n'kusamala, chifukwa madzi akapyola kutentha mapuloteni ena amaundananso ndipo nambala imanama.

Ng'ombe yathanzi imakhala ndi fibrinogen ya pakati pa 300 ndi 700 mg/dL (mamiligalamu pa desilita imodzi ya plasma). Tiyerekeze kuti kachubu koyamba kawerenga magalamu 8.6 pa desilita, kachiwiri 7.5. Kusiyana kwake ndi 1.1, ndiye kuti 1,100 mg/dL. Koma kuno ku Mangochi, makamaka mwezi wa Okutobala, pali funso lina loyenera kufunsa. Ng'ombe yodwala siimwa madzi mokwanira, magazi ake amakhuthala, ndipo mapuloteni onse amaoneka okwera ngati mchere mu ndiwo zomwe zaphwera pamoto. Pofuna kusiyanitsa, timagawa nambala ya mapuloteni onse ndi ya fibrinogen. Yankho likaposa 15, kukwerako kwadza ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Likatsika pansi pa 10, chiwindi chikupangadi fibrinogen yambiri. M'chitsanzo chathuchi 8.6 kugawa ndi 1.1 ikupereka pafupifupi 8, ndipo ine nditaona nambala yotero ndingayambe kufunafuna pomwe pali mafinya. Njirayi si yakuthwa kwambiri, kusiyana kwa 100 sindikuwerengera. Koma kusiyana kwa 500 ndi 1,100 simungakuphonye.

Kumayiko ena amagwiritsanso ntchito mankhwala a glutaraldehyde pakhola pomwepo. Amasakaniza ndi magazi n'kuyang'ana wotchi. Akaundana mphindi 3 zisanakwane, fibrinogen ndi ma globulin ndi ochuluka. A ng'ombe yathanzi amatha mphindi 15 asanaundane.

Wina angafunse chifukwa chomwe sitingowerenga maselo oyera monga amachitira ndi anthu. Ng'ombe ili ndi nkhokwe yaing'ono ya maselo oyera a mtundu wa neutrophil m'mafupa ake. Matenda akabwera mwamphamvu, omwe ali m'magazi amathamangira kunkhondo, olowa m'malo amachedwa, ndipo tsiku loyamba kapena lachiwiri chiwerengero chimatsika m'malo mokwera. Patapita masiku chitha kuoneka ngati cha ng'ombe yathanzi. N'chifukwa chake madokotala a ng'ombe amaikonda fibrinogen: imayamba kukwera pakatha tsiku limodzi kapena awiri ndipo imakhala pamwamba nthawi yonse yomwe vutolo lilipo.

Tsopano ndikuchenjezeni pa chinthu chomwe ndimachiona chikusokoneza ngakhale ophunzira. Mapuloteni amenewa ali ngati utsi womwe mwauona kutsidya kwa Shire. Utsi ukuuzani kuti kwayaka moto, ndipo kukula kwake kukuuzani ngati ndi moto wa pamphika kapena wa tchire. Sukuuzani amene wayatsa. Chibayo, nsengwa yotsalira m'chiberekero, bere lotukusira, chithupsa cha m'chiwindi, zilonda za m'zikhadabo, zonsezi zimakweza manambala omwewo. Zinanso zosakhala matenda zimawakweza: kubereka, kufula, ulendo wautali pa lole, ngakhale jakisoni wowawa yemwe watupitsa mnofu. Yanuyo inabayidwa posachedwa, ndiye woyezayo muwauze tsiku lake ndi dzina la mankhwalawo. Haptoglobin nayo ili ndi msampha wake: pa matenda a nkhupakupa oswa maselo ofiira, aja ng'ombe imakodza mkodzo wofiira, imathera kutola hemoglobin ndipo nambala yake itha kuoneka yotsika ng'ombe ili pafupi kufa. Albumin yotsikanso siitanthauza kutukusira nthawi zonse. Ziweto zodya m'madambo a m'mbali mwa Malombe ndi Shire zimakumana ndi nyongolotsi za m'chiwindi zomwe zimadzera mu nkhono za m'madzi, ndipo mbuzi zimayamwidwa magazi ndi nyongolotsi za m'chifu. Zonsezi zimatsitsa albumin mpaka madzi amadzadza pansi pa chibwano ngati kathumba. Kumeneko mankhwala ake ndi a nyongolotsi, ndipo chiweto chotero mutachibaya oxytetracycline botolo lonse sichingachire.

Tibwerere ku ng'ombe yanu. Sindinaione, ndipo amene angagamule ndi amene aigwire ndi manja. Koma zomwe mwalembazo, msana wopindika, kubuula pogona ndi podzuka, kusiya kubzikula, kupezako bwino ikabayidwa n'kubwereranso, zandikumbutsa msomali. Ng'ombe siisankha chakudya ndi milomo ngati mbuzi. Imakokolola ndi lilime n'kumeza. Ya ngolo imayenda m'malo omanga nyumba, m'misika, pomwe anaotchera matayala n'kutsala timawaya, ndipo imadya madeya osesedwa pansi. Chitsulo chikamezedwa chimagwera m'chifu chachiwiri, chija chooneka ngati zisa za njuchi chomwe timachikonda pa ndiwo za zam'kati. Chifucho chimafinya kosalekeza, ndipo msomali umaboola khoma lake. Zam'mimba zikadontha, malo ozungulira amatukusira. Kutsogolo kwake, kungodutsa chotchinga chopyapyala cha pakati pa mimba ndi chifuwa, kuli mtima. Pa matenda amenewa fibrinogen imakwera kwambiri, kawirikawiri kupyola 1,000, pomwe kagalasi ka magazi a kukhutu kamakhala koyera.

Ndikukumbukira ng'ombe ina yofula yomwe ndinaiona itabayidwa kale mitundu itatu ya mankhwala. Mwini wake anali atagulitsa mbuzi kuti agule mabotolowo. Nditaitsina pa linunda, m'malo mobwatika msana monga imachitira ng'ombe yathanzi, inauma gwa n'kutulutsa kubuula kwapansipansi komwe ndinakumva chifukwa ndinali nditayandikitsa khutu pakhosi pake. Tinadutsitsa mtengo pansi pa chifuwa, kuseri kwa miyendo yakutsogolo, anyamata awiri n'kunyamula pang'onopang'ono kenako n'kusiya mwadzidzidzi. Inabuulanso. Pansi pa chifuwa panali patayamba kale kudzadza madzi, ndipo mitsempha ya pakhosi inali itatupa ngati zingwe. Nditaviika kachubu m'madzi otentha, plasma inayera ngati phala la mpunga. Tinali titachedwa. Poitumbula tinapeza kawaya kotalika ngati chala katalowa m'thumba la mtima. Mpaka lero ndimaganizira mbuzi ija, chifukwa magazi akanayezedwa sabata yoyamba mwina ndalama zake zikanagula chinthu choyenera.

Chinthu choyeneracho nthawi zambiri ndi maginito opangira ng'ombe, omwe amamezetsedwa ndi dokotala n'kukhala m'chifu chachiwiri moyo wonse, kukoka chitsulo kuti chisapitirire. Pamodzi ndi maginitowo pamafunika mankhwala opha mabakiteriya operekedwa masiku okwanira, osati jakisoni mmodzi, ndi kupumitsa ng'ombe kotheratu. Imangeni pamalo pomwe miyendo yakutsogolo ili pokwera kuposa yakumbuyo, kuti kulemera kwa mimba kuchoke kumtima. Zikakanika, dokotala wodziwa atha kung'amba chifu n'kuchotsa chitsulocho ndi dzanja, ng'ombe ili chiimire. Lero lomwe, musanapeze wina aliyense, ichotseni pa ngolo, musaiyendetse potsetsereka, muipatse madzi ndi msipu wofewa pomwe yaimapo.

Kashembe musamuchotse m'maganizo chifukwa cha kagalasi kamodzi. Kum'mwera kwa Malombe mwayandikana ndi nkhalango ya Liwonde, komwe ntchentche zimenezi zimapezeka, ndipo tizilombo take timachuluka ndi kuchepa m'magazi ngati mafunde, moti tsiku lina kagalasi sikagwira kanthu. Ubwino wake ngwakuti kachubu komwe kayeza fibrinogen kamayankhanso mafunso awiri mwaulere. Kutalika kwa gawo lofiira kumapereka PCV, nambala yoonetsa kuchuluka kwa maselo ofiira m'magazi, yomwe pa ng'ombe yathanzi imakhala pakati pa 24 ndi 46 pa 100 iliyonse. Ikatsika pansi pa 24, magazi achepa, ndipo maganizo amapita kwa kashembe, nkhupakupa kapena nyongolotsi. Ndipo kamzere koyera kaja ndi pomwe tizilombo ta kashembe timasonkhana, choncho kukaunika pa maikulosikopu kumagwira tomwe tinathawa pa kagalasi wamba. Ngati anabere a pansi pa khutu kapena a kutsogolo kwa phewa atupa, apemphe kuti atengemo madzi ndi singano, chifukwa nthenda ya nkhupakupa yotchedwa East Coast fever imaonekera bwino mmenemo kuposa m'magazi.

Zikapezeka kuti fibrinogen ndi yokwera ndipo mwayamba chithandizo, muyezetsenso pakatha sabata imodzi kapena masiku 10. Ine nambala yachiwiri ndimaikhulupirira kuposa yoyamba. Fibrinogen imatsika mwapang'onopang'ono, ndiye musayembekeze kuti ibwerera pa 500 m'masiku atatu. Koma ikamatsika, ng'ombe n'kuyambanso kubzikula, pitirizani. Ikakhala pomwepo kapena kukwera, makamaka pansi pa chifuwa pakayamba kutupa, khalani pansi ndi dokotalayo mukambirane zosiya kuthira ndalama. Pamenepo mukumbukire kuti nyama ya ng'ombe yobayidwa mankhwala siidyedwa mpaka masiku olembedwa pa botolo atatha, ndipo iyenera kuonedwa ndi woyeza nyama isanafike pa mbale ya munthu.

Mwana wa mlongo wanuyo mumuuze kuti nzeru yake ili ndi malo pa galu wa pakhomo. Galu wamkazi yemwe chiberekero chadzaza mafinya, kapena yemwe wadwala matenda a nkhupakupa, CRP yake imakwera kutali kuchoka pansi pa 10 mg/L pomwe imakhala ali bwino, ndipo imatsika msanga mankhwala akagwira. Koma nayenso amafuna choyezera chomwe chinatsimikizidwa kuti chimagwira pa agalu.

Poyambira ndi kwa alangizi anu omwewo. Awafotokozereni zonse monga mwandilembera ine, muwapemphe ayese kutsina linunda ndi kudutsitsa mtengo, ndipo mufunse ku ofesi ya zaziweto pa boma ngati pali centrifuge ndi refractometer pafupi. Ngati magazi ayenera kuyenda ulendo, labotale yaikulu ya zaziweto ya boma ili ku Lilongwe, ndipo ina ili ku Blantyre. Atengedwe m'mamawa kusanatenthe, chubu chidzazidwe mpaka pa mzere wake, chitembenuzidwe mofatsa kangapo osachikhutchumula. Muchikulunge m'kansalu musanachiike m'bokosi la ayezi kuti chisakhudzane ndi ayeziyo, chifukwa magazi akauma ndi kuzizira maselo ofiira amasweka. Dzuwa la pa kabaza limawaononga chimodzimodzi. Plasma ikafiira, refractometer siiwerenganso zoona. Afike tsiku lomwelo, ndipo papepala palembedwe zaka za ng'ombe, tsiku lomwe inayamba kudwala, kutentha kwa thupi lake, ndi mankhwala onse omwe yalandira.

Inzakeyo, yomwe idakali bwino, imadya pomwe pamodzi. Dokotala akabwera ndi maginito, abweretse awiri.